Sukulu ya pa Singano: Mbiri ya Gulu la Oyimba la Ana a Kachamba

Pakati pa mabungwe amene atchukitsa dzina la Malawi kunja kwa malire ake, ambiri anayamba ndi chikalata cha boma, nakhala ndi nyumba za njerwa, alembi ndi asungichuma. Koma lilipo limodzi limene linayamba ndi anyamata awiri a bere limodzi, gitala wakale, chitoliro chachitsulo ndi bokosi lomangidwa chingwe chimodzi, ndipo ngakhale linalibe ofesi kapena chidindo, linakula kufikira mmodzi wa eni ake anaitanidwa kukaphunzitsa pa sukulu yaukachenjede ya kutsidya kwa nyanja. Limeneli ndi gulu la oyimba la ana a Kachamba, la m'mudzi wa Singano ku Chileka, limene azungu analidziwa ndi dzina lakuti Kachamba Brothers' Band, ndipo lakhala likusintha maina ndi anthu ake kwa zaka zoposa makumi asanu popanda kutaya mayimbidwe amene linabadwa nawo.

Mbiri ya gululi tiyenera kuikamba ife a mu Blantyre, kaya tikhala ku Nancholi m'mbali mwa msewu wotsikira ku Chikwawa, kaya ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa kapena ku Machinjiri, pakuti nyimbo zake zinakulira m'misewu ya mzinda wathu uno, ndipo oyamba kuima ndi kutchera khutu anali makolo athu omwe, pochokera ku ntchito kapena ku msika. Tiyenera kuikambanso chifukwa ikutiphunzitsa chinthu chimene timachedwa kuchivomera, chakuti kuyimba ndi maphunziro enieni, okhala ndi malamulo ake, aphunzitsi ake ndi ophunzira ake, ndi kuti cholowa cha woyimba chimasungika m'zala ndi m'milomo ya ana amene iye anawaphunzitsa, koposa m'kutchuka kwa dzina lake.

Gwero la nyimbozo

Kuti timvetse chiyambi cha gululi, tibwerere ku masiku a Nyasaland, pamene amuna ambirimbiri ankasiya makasu awo napita kukagwira ntchito ku migodi ya ku Joni ndi ku minda ya fodya ya ku Southern Rhodesia, ena kudzera kwa olemba anthu ntchito a Wenela, amene dzina lake likadali pa malo okwerera mabasi mu Blantyre kufikira lero, ena kudzera kwa anzawo a Mthandizi, ndi ena paokha, wapansi, podutsa m'thengo la zilombo. Pobwerera kwawo sanadze ndi mabulangete, njinga ndi masuti okha, komanso magalamafoni ndi mbale zake, magitala ndi mabanjo, ndiponso makutu ozolowera nyimbo za m'matauni a kumwera. Kuyambira 1949 wailesi yotsika mtengo, yooneka ngati sefuliya, inayamba kulowa m'nyumba za anthu akuda, ikumwaza mawu ochokera ku Lusaka, kumene a Alick Nkhata ndi anzawo ankayimba. Ndipo chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhalapo kuyambira 1953 kufikira 1963, ngakhale anthu athu anachida pa zifukwa zomveka, chinachulukitsa maulendo a pakati pa Blantyre ndi Salisbury.

M'zaka zomwezo, m'makwalala a Johannesburg munabuka mtundu wa nyimbo wotchedwa kwela. Anyamata osauka a m'malokeshoni, amene ankaona m'kanema magulu akuluakulu a jazi a ku America akuliza malipenga onyezimira, masakisofoni ndi lipenga lalitali lokoka lija lotchedwa trombone, koma osakhala ndi ndalama yogulira ngakhale chimodzi cha zida zimenezo, anatola chitoliro chachitsulo cha mabowo asanu ndi limodzi, chimene ambiri ankachiyesa choseweretsa ana, nachiphunzitsa kulankhula chinenero cha malipengawo. Kanema wa The Magic Garden wa mu 1951 anaonetsa chitolirocho kwa anthu ochuluka. A Spokes Mashiyane ndi a Lemmy Mabaso anatchuka nacho pa mbale za galamafoni. Ndipo mu 1958 nyimbo ya Tom Hark inagulidwa kwambiri ngakhale ku Britain. Nzeru yotereyi sinali yachilendo kwathu kuno, pakuti nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, anthu a m'mbali mwa nyanja, ataona asilikali a King's African Rifles akuguba ndi malipenga amkuwa, anaboola zikho, namatapo kachikopa kopyapyala ka chisa cha kangaude, nayambitsa gule wa malipenga amene akuvinidwa ku Nkhata Bay ndi ku Karonga mpaka lero. Wosauka akamva nyimbo yomukomera mtima sayembekeza chuma, amapanga chida ndi chimene ali nacho m'manja.

A Daniel Kachamba anabadwira ku Limbe mu 1947, ndipo mng'ono wawo, a Donald, anabadwa patapita zaka zingapo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 banja la bambo awo, a James Kachamba, linakakhala ku Salisbury, mzinda umene lero ukutchedwa Harare, ndipo kumeneko a Daniel, ali mnyamata wa makutu akuthwa, anatola mayimbidwe onse amene ankamveka m'malokeshoni, kwela, sinjonjo, saba-saba ndi vula matambo, naphunzira gitala ndi chitoliro pomvetsera ndi poyang'ana zala za akuluakulu. Akale anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo zinaterodi ndi ana amenewa, pakuti ulendo umene unawachotsa kwawo ndi umene unawapatsa luso lodzadya nalo moyo wawo wonse. Banjalo litabwerera kumudzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, linakhazikika pa Singano, kufupi ndi bwalo la ndege la Chileka. Mkulu anaphunzitsa mng'ono wake chitoliro akadali kamwana, nasonkhanitsa anyamata ena a pamudzi, ndipo gulu linabadwa, likuyenda kuchokera ku Chileka kudzayimba m'misewu, m'misika ndi m'malo achisangalalo a Blantyre, m'masiku amene dziko linali kulandira ufulu wake wa mu 1964.

Zida ndi kagwiritsidwe kake

Munthu wongodutsa akadaona zida za gululi akadaziyesa zachabe, koma wodekha, amene aona maso a nkhono, akadapeza kuti chida chilichonse chinali ndi lamulo lake lofuna miyezi ndi zaka kuti munthu aligwire. Chitoliro cha kwela sachiliza monga achitira ana a sukulu, kungochigwira ndi nsonga za milomo. Wochiliza amachilowetsa m'kamwa ndithu, nachipendeketsa chakumbali kuloza ku tsaya, kotero kuti mphako ya m'kamwa imasanduka mbali ya chidacho. Potero mawu amatuluka okulirapo ndi onenepa, okhoza kumveka pakati pa phokoso la magalimoto, ndipo woyimba, posintha kaimidwe ka milomo ndi lilime ndi potseka mabowo mwatheka, amatha kutsetsereka kuchoka pa liwu lina kufika pa linzake, kulira ndi kuseka nacho, monga achitira oliza sakisofoni. M'luso limeneli a Donald anakhwima msanga, kotero kuti akadali mnyamata wosamera ndevu ankatsogolera nyimbo, akuluakulu akumutsata pambuyo.

Gitala wa a Daniel nayenso anali ndi mwambo wake. Iwo ankachotsa chingwe chimodzi kuti zitsale zisanu, ndipo ankamanga zingwezo m'njira zosiyanasiyana monga mwa mtundu wa nyimbo, kamangidwe kalikonse ndi dzina lake, kena mwa iko ndi hauyani, mmene botolo kapena kachitsulo kamatsetsereka pa zingwe. Poyimba okha, chala chachikulu chinkagwira ntchito ya bezi, chala chamkombaphala chikuyendetsa nyimbo pamwamba, ndipo womvera pa wailesi ankayesa kuti akumva anthu awiri kapena atatu, pamene woyimba anali mmodzi. Pansi pa zonsezi pankagunda bezi wa chingwe chimodzi, wopangidwa ndi bokosi lamatabwa, ndodo ndi chingwe, amene womuliza amasintha mawu ake pokoka kapena kumasula ndodoyo. Ndipo maseche ankasunga mayendedwe a nyimbo kuti ovina asasokere. Mwana wolowa m'gululi kawirikawiri ankayambira pa maseche kapena pa bezi, nakwera pang'onopang'ono kufika pa gitala ndi chitoliro, ndipo amenewa ndiwo anali makalasi a sukulu ya pa Singano.

Chofunika kuchizindikira ndi chakuti ana a Kachamba sanakhale ongobwereza za ku Joni. Pamene kwela ankazirala ku South Africa m'zaka za m'ma 1960, simanje-manje ndi magitala amagetsi atalanda malo ake, iwo anamusunga, namuveka mawu a Chichewa, namusakaniza ndi lumba, twisiti ndi simanje-manje yemweyo, napeka nyimbo zawozawo zokamba za maukwati, umphawi, maulendo, imfa ndi makhalidwe a anthu a m'tauni. Motero mayimbidwe amene anabadwira kwina anadzapeza mudzi wake wachiwiri ku Chileka, nakhala nthawi yaitali kuno kuposa kwawo kumene anachokera.

Mlendo wa ku Vienna

Mu 1967 kunafika m'dziko muno katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, a Gerhard Kubik, wobadwira ku Vienna mu 1934, amene paunyamata wawo ankaliza kilarineti m'gulu la jazi, ndipo kuyambira 1959 anali atayendayenda mu Africa, naphunzira kuliza mangolongondo a amadinda kwa a Evaristo Muyinda ku Uganda. Anadza pamodzi ndi mnzawo, a Maurice Djenda a ku Central African Republic, kudzajambula nyimbo za m'midzi ya Malawi, ntchito imene wofufuza wina, a Hugh Tracey, anali atayamba m'zaka za m'ma 1950. Koma ali mu Blantyre anakumana ndi anyamata a Kachamba akuyimba pamsewu, ndipo makutu awo, pokhala ozolowera jazi, anazindikira pomwepo kuti chimene akumvacho si masewera a ana. Anawatsata kwawo ku Singano, nawajambula mawu ndi kanema, nalemba mawu a nyimbo zawo ndi kamangidwe ka zingwe zawo. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo ka mlendo ameneyu kanali kuona mtengo wa chinthu chimene eni dziko ambiri ankachipitirira osachilabadira.

Pa zimene anapeza, a Kubik analemba buku lonena za gululi, limene linatuluka m'Chijeremani mu 1972, ndipo mu 1974 linasindikizidwa m'Chingerezi ndi nthambi yofufuza za Africa ya yunivesite ya Zambia, ndi mutu wakuti The Kachamba Brothers' Band. Masiku amenewo akatswiri ambiri a ku Ulaya ankalemekeza ng'oma, mbira ndi magule a makolo okha, nayesa nyimbo za magitala za m'tauni zosakanizika ndi zopanda pake. Kotero buku lathunthu lonena za anyamata oyimba pamsewu linali chinthu chachilendo, ndipo linathandiza kutsegula maso a ophunzira kuti nyimbo zatsopano za mu Africa nazonso ziyenera kufufuzidwa mwaulemu. Koma chimene chikometsa mbiri imeneyi koposa ndi chakuti wofufuzayo sanakhutire ndi kulemba. Anakhala pansi nasanduka wophunzira wa anyamata amene anadza kudzawafufuza, naphunzira mayimbidwe awo, ndipo pambuyo pake analowa m'gulu la a Donald monga woliza kilarineti, akumvera malangizo a mtsogoleri amene anali wamng'ono kwa iwo ndi zaka zambiri. Munthu amene anadzakhala pulofesa ku Vienna anavomera kudzudzulidwa pa Singano akaphonya kagundidwe ka nyimbo, ndipo kudzichepetsa kumeneku ndiko kunamanga ubale umene unapirira kufikira imfa.

Mu 1972 abale awiriwa anatuluka kukayimba ku Kenya ndi ku Ulaya, ndipo kuyambira pamenepo njira inatseguka. M'zaka zotsatira a Donald, amene tsopano anali ndi gulu lawolawo, anayenda ndi a Kubik m'maiko ambiri a mu Africa, a ku Ulaya ndi a ku America, akuyimba m'mabwalo, m'nyumba za chikhalidwe ndi m'mayunivesite, kumene mwambo unali wakuti katswiri afotokoze mbiri ya nyimbo, kenaka woyimba aonetse ndi chida chake zimene mawu sangathe kufotokoza. A Daniel, mbali yawo, anatchuka kwambiri kwathu kuno monga woyimba payekha ndi gitala, nyimbo zawo zikumveka pa wailesi ya MBC m'nyumba za m'tauni ndi m'midzi, kufikira anthu anawapatsa ulemu wowatcha Dokotala Daniel Kachamba, dzina limene akumbukiridwa nalo mpaka lero.

Gulu lisanduka nyumba ya maphunziro

Yunivesite ya Malawi, imene inakhazikitsidwa mu 1964 ndi kuyamba kuphunzitsa pa Chichiri mu 1965, inasamutsira koleji ya Chancellor ku Zomba mu 1973, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 inatsegula nthambi ya zaluso, yophunzitsa zojambula, zisudzo ndi nyimbo. Mmodzi wa aphunzitsi a nyimbo kumeneko, a Mitchel Strumpf a ku America, anaona kuti ophunzira a Malawi sangaphunzire nyimbo za Malawi popanda mabuku onena za izo, ndipo mu 1987 nthambiyo, pamodzi ndi likulu la kafukufuku la Centre for Social Research, inatulutsa buku lotchedwa Malawian Music: A Framework for Analysis. Pa buku limeneli, pambali pa dzina la a Kubik, panalembedwa maina a Moya Aliya Malamusi, Lidiya Malamusi ndi Donald Kachamba monga othandizana nawo pa ntchitoyo. Ndipo potero mwana amene anayamba ndi kuliza chitoliro m'misewu ya Blantyre anawerengedwa pakati pa ofufuza, pakuti iye mwini anali ataphunzira kugwira makina ojambulira mawu ndi kufunsa akuluakulu za magule ndi zida zawo.

Chaka chomwecho chinadza ndi chisoni, pakuti pa 25 July 1987 a Daniel Kachamba anamwalira ali ndi zaka 40 zokha. Ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika, anatero makolo, ndipo dziko linataya mpeki wa nyimbo amene anali asanafike n'komwe pa msinkhu wa ukalamba. Magulu ambiri a oyimba amatha tsiku limene mwini wake waikidwa m'manda, zida n'kugawidwa kwa achibale pamodzi ndi zovala za malemu. Koma la pa Singano silinathe, chifukwa mkuluyo anali ataphunzitsa mng'ono wake, ndipo mng'onoyo anali ataphunzitsa ena.

Mmodzi wa ophunzitsidwawo anali a Moya Aliya Malamusi, amene analowa m'gulu la a Donald ali mnyamata, napitiriza maphunziro kufikira analandira digiri ya udokotala ku Vienna. Mu 1989 iwo anakhazikitsa pa Chileka pomwepo bungwe la Oral Literature Research Programme, lotolera ndi kusunga nthano, miyambi, zilape, nyimbo ndi zida zoyimbira za anthu a m'dziko muno ndi a maiko oyandikana nalo, ndipo pambali pake panadzamangidwa kanyumba kosungiramo zinthu zakale. M'chaka chomwecho nyumba yosungira za chikhalidwe cha anthu ya ku Berlin inatulutsa mbale za nyimbo za kumwera kwa Malawi zokhala ndi mutu wa Chichewa wakuti Opeka Nyimbo, zokonzedwa ndi a Kubik ndi a Malamusi. Zambiri zimene zinajambulidwa m'zaka zonsezi zikusungidwa ku Phonogrammarchiv ya ku Vienna, nyumba yosungira mawu imene inakhazikitsidwa mu 1899. Chotero kuchokera m'gulu la oyimba pamsewu munatuluka nthambi yachiwiri, ya kafukufuku, ndipo ziwirizi zinakulira pabwalo limodzi.

Mphunzitsi ku Los Angeles

M'maiko a azungu ndi mwambo wakale kuti katswiri woliza chida apatsidwe mpando pa sukulu yaukachenjede, kuti luso lake lisafe naye. Chitsanzo chodziwika ndi cha a Emory Remington, amene anaphunzitsa trombone pa sukulu ya nyimbo ya Eastman mumzinda wa Rochester ku America kuyambira 1922 kufikira imfa yawo mu 1971, akulizanso lipenga lomwelo kwa zaka zambiri m'gulu lalikulu la oyimba la mzindawo. Iwo ankaphunzitsa poyimba ndi pakamwa pamene wophunzira akuliza, kuti lipenga lizimveka monga mawu a munthu. Anasonkhanitsa ophunzira awo kukhala kwaya ya malipenga okhaokha. Ndipo ana awo a sukulu anamwazikana nakhala oyimba m'magulu otchuka ndi aphunzitsi m'mayunivesite ena, kotero kuti kaphunzitsidwe kawo kakugwirabe ntchito zaka zoposa makumi asanu chimwalirire iwo. Chimene chinasunga cholowa chimenechi ndi mpando umene sukulu inawapatsa kwa zaka 49, chipinda chophunzitsiramo, ndi ophunzira obwera chaka ndi chaka.

A Donald Kachamba analawa ulemu wotere kwa kanthawi kochepa chabe. Chakumapeto kwa 1999 anaitanidwa ku University of California ya ku Los Angeles, ku nthambi yophunzitsa nyimbo za mitundu ya anthu, imene maziko ake anaikidwa ndi a Mantle Hood, mphunzitsi amene ankalimbikira kuti wofuna kulemba za nyimbo za anthu ena ayambe waphunzira kuziyimba ndi manja ake. Kumeneko mwana wa pa Singano anaima pamaso pa ophunzira a digiri, odziwa kuwerenga nyimbo zolembedwa pa pepala, nawaphunzitsa monga iye anaphunzitsidwira ndi mkulu wake: kumvetsera, kuyang'ana, kubwereza, ndi kubwerezanso kufikira thupi lonse litagwira kagundidwe ka nyimbo. Anawaonetsa kagwiridwe ka chitoliro m'kamwa, kamangidwe ka gitala ndi kalizidwe ka bezi wa chingwe chimodzi, nawaphunzitsa kuyimba m'Chichewa, ndipo pomaliza anapanga nawo gulu limene linayimba ndi kujambulidwa, yunivesiteyo n'kudzatulutsa chimbale chotchedwa Donald Kachamba at UCLA. Atabwerera kwawo sanakhalitse, pakuti pa 12 January 2001 anamwalira, asanakwanitse zaka makumi asanu.

Otsala sanalole kuti chitoliro chiikidwe pamodzi ndi mwini wake. A Malamusi, a Kubik ndi achinyamata amene anakulira m'manja mwa malemuwo, monga a Sinosi Mlendo ndi a Christopher Gerald, anapitiriza gululi ndi dzina lakuti Donald Kachamba's Kwela Heritage Jazzband, likuyimba pa Chileka ndi kukayimbanso ku Ulaya, ndipo limeneli linali m'badwo wachitatu wa mayimbidwe amene a Daniel anadza nawo kuchokera ku Salisbury. M'mabuku ena a a Kubik, monga Africa and the Blues la mu 1999, dzina la Kachamba likutchulidwa pokamba za ubale wa nyimbo za mu Africa ndi za anthu akuda a ku America, ndipo wophunzira wa nyimbo ku Vienna kapena ku Los Angeles akhoza kulipeza m'nyumba ya mabuku ya sukulu yake.

Chimene chatsalira kwa ife

Mzimu wa sukulu ya pa Singano, wopanga nyimbo zazikulu ndi zida zazing'ono, sunachoke m'dziko muno. Unamveka m'banjo ya malemu Allan Namoko ndi gulu lawo la Chimvu. Ukumveka mwa a Kasambwe a ku Ndirande, amene anayamba ndi zida zopanga okha. Ukumvekanso m'babatoni, bezi wa chingwe chimodzi, wa gulu la Madalitso, limene linachoka m'misewu ya Lilongwe kukayimba m'mabwalo a ku Ulaya. Ndipo aliyense woyenda madzulo m'tinjira ta ku Nancholi, ku Manase kapena ku Bangwe akhoza kukumana ndi ana atakhoma ndodo pa chigubu cha mafuta, namangapo mawaya, akuyesa kutulutsa nyimbo imene anamva pa wailesi. Ana amenewa ali pa khomo lomwelo limene ana a Kachamba analowera. Chimene chikuwasowa ndi mkulu wowagwira dzanja, ndi nyumba yowalandira luso lawo likayamba kuoneka.

Pamenepa ndi pamene mbiriyi ikutitsutsa. Mabuku, makanema ndi mawu ojambulidwa a gululi asungidwa bwino, ndipo tiyenera kuthokoza amene anawasunga. Koma zambiri zili kutali, ndipo tafanana ndi mlimi amene mbewu yake yabwino ili m'nkhokwe ya mnansi wa kutsidya kwa mtsinje, pamene munda wake uli wolimalima, ukudikira kubzalidwa. Achinyamata ambiri a mu Blantyre amadziwa dzina la Daniel Kachamba monga la woyimba wakale wa pa wailesi, koma ndi owerengeka amene anamvapo kuti mng'ono wake anaphunzitsa pa yunivesite ya ku America, ndipo ochepa koposa ndi amene angathe kuliza chitoliro cha kwela monga mwa lamulo lake. Luso la m'kamwa ndi m'zala silikhala m'buku. Likadumpha m'badwo umodzi wokha, kulibwezeretsa kumakhala kovuta koposa.

Lero tili ndi nyumba zimene makolo athu analibe. Yunivesite ya Malawi ku Zomba ikuphunzitsa nyimbo. Yunivesite ya sayansi ndi luso ya MUST ku Thyolo ili ndi sukulu ya chikhalidwe yophunzitsa nyimbo za mu Africa. Ku Lilongwe kuli Music Crossroads yosula achinyamata. Ndipo pa Chichiri pali nyumba yosungira zinthu zakale za dziko lino. Pempho langa kwa atsogoleri a nyumba zimenezi ndi lakuti apatse mpando akatswiri a zida zathu amene akali moyo, ngakhale alibe zikalata za sukulu, monga anachitira a ku Los Angeles ndi a Donald. Agwirizane ndi osunga chuma cha pa Singano ndi cha ku Vienna kuti ana athu azimva ndi kuona zimene zinajambulidwa. Ndipo aike kwela wa ku Chileka pa mndandanda wa maphunziro, kuti aziphunzitsidwa chaka ndi chaka, osati pa tsiku la chikumbutso lokha. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ntchito imene banja limodzi ndi abwenzi ake anaisenza kwa zaka zonsezi yafika poti dziko lonse liyenera kuigwirako.

Kwa inu makolo a ku Nancholi ndi m'malokeshoni onse a mzinda uno, mawu anga ndi awa: mwana wanu akakhoma banjo ya chigubu, musamuthyolere ndi kumutcha wosakaza nthawi. Muumirizeni sukulu, pakuti sukulu ndi yofunika, koma mufunireninso munthu wodziwa kuyimba woti amuphunzitse mwa dongosolo, kaya ku kwaya ya mpingo, kaya kwa mkulu wa pamudzi woliza gitala. Ndipo inu amene muli ndi luso m'manja mwanu, musakalambe nalo nokha, sankhani mwana mmodzi kapena awiri, muwaphunzitse kufikira atakuposani.